Njinga za mauntini za salaula: kabuku kanga kuyambira Malichi mpaka Sepitembala

8 Malichi 2025: mpamba ndi ulendo wa ku Lusaka

Zimene ndikulemba apazi ndikuzitenga m'kabuku kamene ndimalembamo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Ndinayamba ndi K14,000. Pa ndalamayi, K9,000 inali ya chilimba cha kuntchito, pomwe K5,000 anandibwereka atsibweni. Popereka anandiyang'ana m'maso nati: "Mphwanga, iyi ndi ya feteleza. Okutobala asanathe ikhale itabwera."

Ndinkaganiza kuti malonda awa sangavute. Chipata ndi mzinda wa njinga kuyambira kale, akuluakulu amakumbukabe za Eagle zimene ankapanga pa Luangwa Industries konkuno. Ndikayang'ana phiri la Kanjala ndi mapiri ena otizungulirawa, ndinkati anyamata oonera mavidiyo pa foniwa akungodikira munthu woti awabweretsere njinga zokwerera mapiri.

Ku Lusaka ndinagula njinga 6 kwa munthu wina amene amatsegula makontena. Zinayi za matayala a mainchi 26 pa K1,400 iliyonse: yofiira, yabuluu, yakuda ndi yoyera. Imodzi yobiriwira ya 27.5 pa K1,900. Yomaliza ya 29, ya mabuleki a mafuta, pa K2,600, ndipo iyi ndi imene inanditenga mtima mpaka ndinaipatsa dzina loti Bwana. Ndinawonjezera thumba la K900 la zipewa za panjinga, magolovesi, zotchinga mawondo ndi ma skateboard awiri. Basi kupita ndi kubwera K800, katundu K900, chakudya ndi pogona K300. Ndinatsala ndi K1,000 yokha.

Kusankha konse kunanditengera mphindi zosakwana 40. Ndinkangozunguza tayala, kufinya buleki, kuyang'ana penti, basi.

10 Malichi: zimene basi inachita

Njingazo zinalowa pansi pa basi momwe zinalili, osamasula kanthu, osakulunga. Ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, ndi makhotakhota aja a pakati pa Luangwa Bridge ndi Nyimba, matumba ndi makatoni a anthu akugwera uku ndi uku. Pofika, yofiira ndi yobiriwira zinali zitapindika kakhutu kamene amamangapo chosinthira magiya cha kumbuyo. Limu ya kutsogolo ya yakuda inali ngati mbale yopondedwa. Kondakitala anangoti katundu amayenda pa ngozi ya mwini wake. Sindinalimbane naye, cholakwa chinali changa. Kumasula chosinthira chija ndi bawuti imodzi yokha, alanki ya 5.

15 Malichi: mtembo

Ndinazikankhira zonse kwa mdala wina wokonza njinga pafupi ndi Kapata Market. Tinagwirizana K450 ya ntchito yake pa zonse, zipangizo ndigula ndekha. Anayamba ndi yoyera, imene ine ndinkaiona ngati yatsopano kuposa zinzake. Sanazunguze tayala. Anaitembenuza chagada, natenga kansanza konyowetsa ndi palafini, nayamba kupukuta molumikizira felemu pamodzipamodzi. Atafika pomwe paipi ya chishalo imakumana ndi paipi ya pamwamba, anaima. Panali sitika yaing'ono ya mbendera ya dziko lina. Anaikanda ndi chikhadabo, napukutanso. Palafini atauma panatsala kamzere kakuda kowonda ngati tsitsi, kozungulira pafupifupi theka la paipi.

"Aphwanga, munagula zingati iyi?"

Ndinawauza.

"Mwagula mtembo."

Ndinati tipite nayo kwa owotcherera. Anaseka. Felemuyo ndi ya aluminiyamu, ndipo makina a anzathu opanga mageti ndi mawindo aja ndi a chitsulo. Ngakhale mutapeza wa makina oyenera, malo owotchererawo amafooka, tsiku lina adzathyoka munthu ali pa liwiro akutsika mtunda. Sindingagulitse chinthu chotero kwa munthu amene mawa ndikumana naye kutchalitchi. Yoyerayo tinaiphwasula. Tayala lake la kutsogolo linapita pa yakuda, zotsala ndinasunga m'katoni.

Amdala anandiphunzitsa kanthu kena kosalira ndalama: kuyenda ndi kamaginito m'thumba. Kakamata pa felemu, ndi chitsulo. Kakagwa, ndi aluminiyamu, ndipo pamenepo muyang'ane molumikizira monse mofatsa, makamaka pomwe pamatidwa sitika yosadziwika bwino.

22 Malichi: makhutu awiri ndi tcheni cholumpha

Yofiira ndi yachitsulo, kakhutu kake ndi thupi limodzi ndi felemu. Amdala anakagwira ndi sipanala ya shifitingi, nakawongola pang'onopang'ono, nkhani inathera pomwepo. Ine nditaona kuti n'zosavuta ndinayesa ndekha pa yobiriwira madzulo kunyumba. Kake ndi ka aluminiyamu kochita kumangirira, ndipo kanangoti thyo m'manja mwanga. Tikhutu timeneti timasiyana felemu ndi felemu, ka yoyera sikanalowe. Ndinakatenga zidutswa ziwirizo kupita nazo kwa a makina osula zitsulo, anadula kena potengera kakaleko, nabowola ndi kudula mazinga. K200.

Zida zimene ndinagula sabata imeneyo: maalanki K90, chodulira tcheni K110, chomasulira filiwilo K120, chozulira kilanki K150, girizi, palafini ndi sendipepa K150. Zonse K620. K1,000 ija inali itatha kale, ndinayamba kudya za malipiro a kuntchito, mayi a kunyumba akungondiyang'ana.

Matcheni atatu anali otha. Poyeza, ikani tepi pa pini imodzi, muwerenge malinki 12 athunthu. Pa tcheni chatsopano amakwana mainchi 12 ndendende. Changa china chinapitirira ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a inchi. Ndinagula atsopano atatu pa K140 chimodzi, ndikuganiza kuti ndamaliza. Nditakwera yabuluu pa mtunda wopita ku Kalongwezi, nditangoimirira pa mapedulo, tcheni chinalumpha, bondo langa linakamenya handulo. Tcheni chakale chimadya mano a filiwilo kuti afanane nacho, ndiye chatsopano sichikhalamo bwino mukaponda mwamphamvu. Mafiliwilo awiri a magiya 7, K170 iliyonse. Mwayi wake, tcheni cha magiya 6, 7 ndi 8 n'chimodzi ndipo ku Down Shops chimapezeka. Cha magiya 9 n'chowonda, n'china.

Mawaya ndi malabala a buleki K260, machubu 5 K350, matayala awiri a 26 K460. Apa palibe chonena, zonse zinapezeka tsiku limodzi.

5 Epulo: Bwana ayamba kudya

Tayala la kumbuyo la Bwana linali long'ambika m'mbali, ulusi ukuoneka. Ndinazungulira Down Shops yonse kufunsa la 29. Mnyamata wa m'sitolo ina anandiuza kuti 28 ndi 29 ndi pachibale, likakana ndingolikoka pang'ono. Ndinatenga la 28 x 1½, lija la njinga zakuda za akabaza, K210. Ndinkaopa kuti lichepa. Linakula! Linangolowa pa limu n'kumagwedera ngati chipewa cha bambo pamutu pa mwana. Nditayang'ana timanambala tolembedwa m'mbali mwa tayala ndi pomwe ndinamvetsa: la 28 x 1½ palembedwa 635, la 29 palembedwa 622. Nambalayi ndi kukula kwenikweni kwa limu m'mamilimita. Ndiye kuti 28 ameneyu ndi wamkulu kuposa 29, kaya anawerenga bwanji amene anayambitsa mainchiwa. La 26 ya mauntini ndi 559, la 27.5 ndi 584. Kuyambira tsikulo sindifunsanso mainchi, ndimawerenga nambala ya manambala atatuyo.

Sitoloyo inakana kulandiranso tayala. Ndinaligulitsa kwa wakabaza wina pa K170. Loyenera ndinaitanitsa ku Lusaka, K520 pamodzi ndi yotumizira, linafika patatha masiku 9. Litafika, pampu inakana, chifukwa valavu ya Bwana ndi yowonda ija ya Presta. Kachitsulo kolumikizira K20.

Tsopano buleki. Ya kumbuyo inali yofewa, chogwirira chikufika mpaka pa handulo. Mnzanga wokonza magalimoto anati mafuta achepa, ndipo anandipatsa otsala m'botolo la mafuta a buleki ya galimoto, DOT 4. Tinathira m'mabuleki onse awiri, popeza ndinati tichitiretu kamodzi. Tsiku loyamba inagwira bwino zedi. Patatha sabata chogwirira chinayamba kukakamira osabwerera, kenaka mafuta anayamba kudontha pa disiki. Mabuleki a Shimano amafuna mafuta a mineral oil, ndipo pa kachivundikiro kake panalembedwa zimenezo. Sindinawerenge. Mafuta a galimoto amatupitsa timalabala ta mkati, zikatero palibenso chokonza. Ndinachotsa zonse n'kuika mabuleki a disiki okoka ndi waya, K650. Njinga inatsika ulemu, koma tsopano wokonza njinga aliyense wa pamsewu wa Lundazi atha kuigwira.

Bwana anali atadya K1,230 pamwamba pa K2,600 yake, asanaone ngakhale kasitomala mmodzi.

19 Epulo: thumba lija

Zipewa zinalimo 7. Ndinachotsa tinsalu ta mkati n'kuyang'ana thovu lolimba lija pa dzuwa. Zitatu zinali ndi ming'alu. Chipewa cha panjinga chimagwira ntchito kamodzi, chikamenyedwa pansi mwamphamvu thovulo limaphwanyika m'malo mwa mutu, ndipo silibwereranso ngakhale kunja kukuwala. Ndinadula zingwe zake kuti wina asatole, n'kutaya. Mnyamata wina wa njinga yamoto anafuna chimodzi mwa zabwinozo kuti apolisi asamamuvutitse. Ndinamukaniza, chipewa chimenechi sichinapangidwire liwiro la injini. Anachoka akunyinyirika kuti ndimadana ndi ndalama.

Zotchinga mawondo sizinapite kwa wamasewera aliyense. Anagula ndi bambo wina woika matailosi, mapeya awiri pa K150, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi mnzake kudzatenga yotsala. Ma skateboard ana a pamzere wathu anawakonda, koma pamsewu wathu wa dothi ndi miyala sayenda ngakhale mita imodzi. Imodzi inapita kwa mayi wina amene bwalo la nyumba yake ndi la simenti. Inayo ikadali pansi pa bedi.

3 Meyi: keliyala ili kuti?

Ndinajambula njinga zonse n'kuika pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mauthenga anabwera ambiri, koma ochuluka anali ofunsa mtengo womaliza n'kusowa. Woyamba kufika pakhomo anali mphunzitsi wa pasukulu ina ya kunjira ya Chadiza. Anakwera yofiira, anasintha magiya, anakondwa ndi momwe imapepukira pa mtunda. Atatsika anayang'ana kumbuyo kwa chishalo.

"Achimwene, keliyala ili kuti?"

Ndinayamba kufotokoza kuti iyi ndi njinga ya masewera. Anandidula. "Nanga unga ndizinyamula pamutu?"

Wachiwiri anafunsa zomwezo. Wachitatu anawonjezera madigadi ndi sitandi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za Kanjala. Munthu wa kuno akaona magiya amaona kufika kuntchito osatuluka thukuta, amaona mtunda umene sadzatsikanso n'kumakankha. Akaona matayala okhuthala amaona mchenga wa njira ya kumudzi. Ndinapita kwa wowotcherera, anandipangira makeliyala atatu a chitsulo pa K180 iliyonse. Felemu zambiri za 26 zili ndi timabowo ta mazinga pafupi ndi akiselo ya kumbuyo, keliyala imangomangirirapo. Bwana alibe.

Yofiira inapita kwa aphunzitsi aja pa K2,700 tsiku lomwe keliyala inamangidwa.

17 Meyi: uthenga wabodza ndi njinga yopanda nambala

Mnyamata wovala bwino anagwirizana nane K2,900 pa yabuluu. Anati atumiza pa foni. Foni yanga inalira, uthenga wooneka ngati weniweni, ndalama yake yomweyo. Iye anali atagwira kale handulo. Mayi a kunyumba ndi amene anati kuchokera pakhonde: "Bambo ake mwana, taonani kaye balansi." Ndinaona. Munalibe kanthu. Uthengawo unachokera pa nambala wamba ya foni. Anati netiweki yachedwa, apita kukafunsa pa buthi, ndipo mpaka lero akufunsabe. Yabuluu inagulidwa patatha masiku anayi ndi mayi wogwira ntchito ku kiliniki, pa mtengo womwewo, ndalama pamanja.

Mbiri itamveka kuti ndimagula njinga, ena anayamba kubweretsa zawo. Wina anabwera madzulo ndi njinga yabwino kwambiri, akufuna K800 yokha. Ndinaitembenuza. Pansi pa felemu, pomwe pamadutsa akiselo ya mapedulo, pamakhala nambala yodindidwa. Pa iyi panali popalidwa ndi fayilo, popakidwa penti yakuda yosauma bwino. Ndinamuuza kuti ndalama ndilibe. Kuyambira pamenepo, pogula kwa munthu wa kuno ndimalemba nambala ya felemu, dzina lake ndi nambala ya chitupa chake cha NRC, iye n'kusainira. Pogulitsa ndimalembanso nambala ya felemu pa lisiti, kope imodzi yake, ina yanga.

14 Juni: masipoko

Yakuda ndinapatsa alamu anga pa K2,600. Anapereka K1,600, yotsalayo akagulitsa soya. Patatha milungu iwiri anabwera akuikankha, tayala la kumbuyo likukhula felemu. Masipoko 6 othyoka.

"Alamu, njinga yanu ndi yofooka."

Nditafunsitsa anavomera kuti anamangapo matumba awiri a 50 kg, iwonso n'kukwera. Keliyala yanga inapirira, tayala ndi limene linagonja. Mlandu ndinaugawa pakati: iwo anachita mopitirira, koma ine ndinamanga keliyala yooneka ngati ya njinga za katundu za Buffalo pa tayala la masipoko owonda, osawachenjeza. Amdala analukanso tayalalo ndi masipoko okhuthala, K300, ndinalipira ine. Tsopano aliyense ndimamuuza poyera: thumba limodzi, mwana wa sukulu, chigubu cha madzi, zimenezo inde. Wofuna kunyamula makala kapena chimanga chokagulitsa agule njinga yopangidwira katundu, ndipo ndimamulozera kumene amagulitsa.

Magolovesi onse anatha mwezi uno. Akabaza oyamba ntchito m'mamawa kuzizira kwa Juni ndi amene anagula, K40 peya. Thumba lija lonse labweza K1,350.

28 Juni: kuwerengera ulendo woyamba

Yobiriwira inapita pa K3,200 kwa mnyamata wa ku koleji, yekhayo amene sanafunse keliyala. Ndinamuuza asanalipire kuti tayala la 27.5 azilisamala, likatha adzafunika kuitanitsa. Zambiri mwa zotsala za yoyera ndinagulitsa chimodzichimodzi kwa okonza njinga, zinakwana K900.

Zotuluka zonse K18,170. Zolowa m'manja K12,650. Kusiyana kwake K5,520. Kunja kuli K1,000 ya alamu, ndipo m'nyumba muli Bwana amene ndikutchula K5,000. Zonsezo zitabwera, phindu la miyezi inayi lingakhale K480. Anthu amabwera kudzamujambula, kumukweza ndi dzanja limodzi, kufunsa ngati ndi ya mpikisano. Amene anatchula ndalama yokwera kuposa onse anati K3,500.

12 Julayi: ulendo wachiwiri

Ndinatsala pang'ono kusiya, koma ndinaona kuti ma 26 atatu aja paokha sanandipweteke. Ndinabwereranso ku Lusaka ndi maginito, kansanza, kabotolo ka palafini, tepi ndi alanki ya 5. Ndinakhala pa kontena kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mwini wake anatopa nane, nati ena amagula khumi pa nthawi imene ine ndikuyang'ana imodzi. Anandikokera pa 29 ina yowala, ya shoko kutsogolo ndi kumbuyo. Sindinaikhudze n'komwe.

Ndinasankha zinayi, zonse za 26, zonse zachitsulo, mabuleki ogwira pa limu, magiya 7 kumbuyo, timabowo ta keliyala tilipo. Ziwiri za foloko yopanda shoko, ndipo zimenezi ndimazikonda, chifukwa shoko yotchipa ikakalamba imangogwedera ndi kulemera. Pa iliyonse ndinamasula bawuti ya paipi ya chishalo n'kuona ngati ikuyenda. Zitatu zinayenda. Yachinayi inakana, koma anandichotsera K200 ndiye ndinatenga. Zonse K5,200. Ndisanakweze basi ndinamasula zosinthira magiya ndi mapedulo, ndinatembenuza mahandulo, n'kukulunga felemu ndi makatoni. Pedulo ya kumanzere imamasuka mozungulira chakumanja, musaikakamize. Ulendo wonse K1,500. Zinafika zonse bwinobwino.

30 Ogasiti

Zipangizo, makeliyala ndi amdala K1,700. Pamodzi K8,400. Nthawi ino anthu ali ndi ndalama za soya, nshawa, mpendadzuwa ndi chimanga, ndipo sindinavutike ndi Facebook. Ndinkangoziimika panja Loweruka, keliyala ndi belu zili pomwepo. Ziwiri anagula alimi a kunjira ya Mfuwe, imodzi mwa izo ya mwana wa sekondale. Yachitatu anatenga bambo wina wa ku Katete amene anati akufuna afike nayo ku Mkaika pa Kulamba anthu amuone. Zitatuzo zinabweretsa K8,500.

Yachinayi ndi ija ya paipi yokakamira. Paipiyo ndi ya aluminiyamu, felemu ndi yachitsulo, ndipo zikakhala zaka popanda girizi zimagwirana ngati zawotcheredwa. Tinathira mafuta omasulira dzimbiri masiku 5, osatheka. Tinamanga paipi pa vayisi n'kupotoza felemu yonse anthu awiri, inangolira. Pomaliza amdala anaidula kusiya kachidutswa pamwamba, nalowetsa lumo la hakiso mkati, nacheka chotsika pang'onopang'ono masana onse mpaka inapindikira mkati n'kutuluka. Paipi ina ndinatenga m'katoni ya yoyera, sinakwane, ndi yonenepa. Ndinagula ya saizi yake K120, amdala K100. K200 imene anandichotsera ija inabwerera kwawo ndi K20 pamwamba.

20 Sepitembala

Yachinayi yapita pa K2,700. Ulendo wachiwiri zolowa K11,200, zotuluka K8,620, phindu K2,580. Atsibweni ndawapititsira K5,000 yawo Lamlungu lapitali, anawerenga kawiri n'kundipatsa nkhuku. Alamu apereka K400, akuti yotsalayo mwezi wa mawa.

Felemu yoyera ija ndaipachika pa mtengo wa mango pakhomo, ndi imene anthu amalondolera nayo nyumba yanga. Bwana ndamutsitsa kufika pa K4,200. Dzulo wina wogwira ntchito ku malo ogona alendo ku Mfuwe anaimba, akuti abwera kudzamuona Loweruka. Ndamupopa matayala onse awiri ndipo kachitsulo ka valavu ndakamangirira pa handulo ndi labala kuti kasasowe.